Apu yoyankha mafunso achibwana osakuseka: ndaipatsa nyenyezi 4 pa 5

Nyenyezi 4 pa 5, ndipo imodzi yachokayo ndifotokoza bwinobwino kumunsiku chifukwa si nkhani yaing'ono. Ndikunena za apu ya pafoni ya AI ija, yomwe umailembera funso lililonse iyo nkukuyankha pompopompo. Dzina sinditchula, poti kuyambira kumapeto kwa 2022 ma apu amtunduwu angochuluka ndipo ambiri kagwiridwe kake ka ntchito nkofanana, komanso sindikufuna wina aziti ndalipidwa kuti ndiitsatse. Anthu ambiri amaigwiritsa ntchito polemba makalata ofunsira ntchito kapena kukonzetsa galamala, ine ayi, ine ndinaiika mufoni chifukwa cha mafunso aja amangokubwerera m'mutu uli gone usiku kapena ukudikira china chake, oti kumufunsa munthu wamkulu mnzako umachita manyazi. Nde ndemanga yangayi ili pamenepo basi, kuti kodi apuyi imatani ukaifunsa zooneka ngati zachibwana.

Tiyambe ndi nyerere. Ndinaifunsa kuti kodi nyerere itagwa kuchokera pamwamba penipeni pa nyumba yosanja yaitali ingafe? Ndinkaona ngati ingoti ayi nkusiyira pomwepo, koma inailowa nkhaniyo mwakuya ndithu. Inati chinthu chikamagwa mpweya umalimbana nacho, ndipo liwiro likamakwera kulimbanako kumakulanso, mpaka pofika poti mphamvu ya mpweya yafanana ndi kulemera kwa chinthucho, pamenepo liwiro limasiya kukwera olo chigwe mtunda wautali bwanji. Munthu amafika pamenepo akuthamanga makilomita pafupifupi 200 pa ola, nchifukwa chake sapulumuka. Nyerere imafika pamenepo ikungotsika pang'onopang'ono, nde kaya mwaigwetsa patebulo kaya padenga la nyumba yosanja, imatera ndi liwiro lomwelo nkudzuka kumapita. Ine sindinakhutire, ndinafunsanso kuti nanga kusiyana kumeneku kukuchokera pati poti zonse zikugwa mumpweya umodzimodzi? Apa mpomwe ndinayambira kuikonda. Inati tangoganizani kuti mwachepetsa chinthu kakhumi m'litali, m'lifupi ndi mumsinkhu momwe, kulemera kwake kutsika ka 1,000 koma khungu lake, lomwe ndi pogwira mpweya, lingotsika ka 100. Ndiye kuti kanthu kakamachepa kamakhala ndi khungu lalikulu poyerekeza ndi kulemera kwake, mpweya nkumakagwira mosavuta. Inawonjezeranso kuti Galileo anafotokoza kale za mgwirizano wa kukula ndi kulemerawu mu 1638, ndipo lamulo lomwelo ndi limene limachititsa kuti njovu ikhale ndi miyendo yonenepa ngati mizati pomwe kangaude amayenda ndi timiyendo towonda ngati ulusi osathyoka. Taonani pomwe funso la nyerere latifikitsa.

Chimene ndikufuna muchione apa si yankho lokhalo ayi, koma kuti ndinatha kufunsa kachiwiri ndi kachitatu osaopa kuti ndikutopetsa munthu. Ambirife timadziwa mmene zimakhalira, umafunsa koyamba akuyankha, ukafunsanso nkhope yasintha, kachitatu wayamba kuuzidwa kuti uli ndi nthawi yotaya. Apuyi ilibe zimenezo. Ukaiuza kuti sindinamve, imabwereza mwanjira ina, ukati chepetsani masamu imachepetsa, ukati ndionetseni masamuwo imakuonetsa. Pamenepa pokha ndikanatha kuipatsa nyenyezi zonse.

Funso lomwe ndinasangalala nalo koposa ndi la dzenje. Munthu atakumba dzenje loboola dziko lonse kudutsa pakati mpaka kutulukira mbali inayo, nkudumphiramo, chingachitike nchani? Inayamba yandiuza zoona zake kaye, kuti dzenje lotere silingakumbike, pakati pa dziko pamatentha madigiri oposa 5,000 ndipo kuchoka pamwamba kukafika pakatipo ndi makilomita pafupifupi 6,371, pomwe dzenje lakuya kwambiri lomwe anthu anaboolapo cholunjika pansi, la ku Kola ku Russia, linangofika mamita 12,262 mu 1989, atayamba kuboola mu 1970, ndipo pansi pake anapeza kutentha kwa madigiri 180. Koma sinathawire pamenepo ngati mmene munthu wotopa akanachitira kuti poti nzosatheka basi tizisiye. Inati chabwino, tiyerekeze kuti dzenjelo lilipo, mulibe mpweya, silikutentha, ndipo lachokera kumpoto kwenikweni kwa dziko kukafika kum'mwera kwenikweni kuti kuzungulira kwa dziko kusakumenyetseni kukhoma. Mukadumphiramo liwiro lizingokwera mpaka pakati, pomwe mudzakhale mukuthamanga makilomita pafupifupi 28,000 pa ola tikayerekeza kuti dziko ndi lolemera mofanana paliponse, koma chodabwitsa nchoti pakatipo simudzalemera olo pang'ono chifukwa dziko likhala likukukokani mbali zonse mofanana. Mukadutsa pakati kukoka kuja kumayamba kukubwezani, liwiro nkumatsika, ndipo mukafika pakamwa pa dzenje mbali inayo mumaima ndendende, mukapanda kugwira penapake mubwereranso, nkumangopita uku ndi uku ngati katungwe. Ulendo umodzi ndi mphindi pafupifupi 42 tikayerekeza kuti dziko ndi lolemera mofanana paliponse, koma poti m'kati mwake ndi molemera kuposa kunja, wina wake dzina lake Alexander Klotz anawerengetsanso mu 2015 nkupeza mphindi 38. Ndimakonda kayankhidwe kameneka abale, koyamba kakuuza chomwe chili chenicheni, kenako kasewera nawe masewero ako aja mwaulemu mpaka kumapeto.

La pepala nalo ndi labwino chifukwa mutha kulitsimikiza nokha ndi kakyuleta ya mufoni mwanumo. Pepala wamba ndi lochindikala pafupifupi mamilimita 0.1. Mukalipinda kamodzi kuchindikalako kumawirikiza kawiri, mukapindanso kawirinso, choncho. Kupinda ka 10 mwafika masentimita 10 ndi pang'ono, palibe chodabwitsa. Koma ka 42 mwafika makilomita oposa 439,000, pomwe mwezi uli pa makilomita pafupifupi 384,400, nde kuti mwaupitirira. Ndinachita kubwereza ndekha kuchulukitsa ndi 2 mpaka kufika, ndipo zinakwanadi. Ndinaifunsa kuti nanga bwanji pamanja timalephera kupitirira ka 7 kapena ka 8, inati chifukwa pa ka 7 mwagwira kale mapepala 128 osanjikizana ndipo mbali yaikulu ya pepalalo yathera pokhota popindira paja, nde kuti mupitirire pakufunika pepala lalitali kwambiri, ndipo mtsikana wina wa sekondale ku America, Britney Gallivan, anachitadi zimenezo mu 2002, anapinda ka 12 pepala lopyapyala lotalika pafupifupi mamita 1,200.

Ena ndingodutsamo mwachangu. Mbalame zikatera pawaya wamagetsi sizigwidwa shoko chifukwa miyendo yonse iwiri ili pawaya umodzi, palibe kusiyana kwa mphamvu pakati pa mwendo uwu ndi uwo koti kukankhe magetsi kudutsa m'thupi, koma mbalame zikuluzikulu ngati miimba ndi ziwombankhanga zikatambasula mapiko nkukhudza mawaya awiri nthawi imodzi zimafa ndithu. Ching'aning'ani timachiona kaye bingu nkumveka pambuyo chifukwa kuwala kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi pomwe phokoso limangoyenda mamita pafupifupi 340, nde mukawerenga masekondi atatu pakati pa ziwirizi ndiye kuti mphezi yagwa pa mtunda wa kilomita imodzi. Mwezi umaoneka ngati ukukutsatira ukakhala m'galimoto chifukwa uli kutali kwambiri moti makilomita ochepa omwe wayendawo sasintha mbali yomwe ukuuonera, pomwe mitengo ya m'mbali mwa msewu ili pafupi nde imatsalira msanga. Onsewa inayankha molondola, mwachidule, popanda kundipangitsa kumva ngati ndafunsa za ana a mkaka.

Mwina wina akuti nanga zimenezi zili ndi phindu lanji, kudziwa za nyerere kukupatsa chani? Apa ndiyankhule kuchokera pansi pa mtima, chifukwa ndi chomwe ndalembera zonsezi. Ine ndimakhulupirira kuti anthu ambiri anasiya kufunsa osati chifukwa chidwi chinatha koma chifukwa anasekedwa. Mwana aliyense amabadwa ndi mafunso osatha, nanga amapita kuti akafika zaka 15? Pali nkhani ya Erasto Mpemba yomwe imandikhudza nthawi zonse ndikaikumbukira. Mu 1963 ali mwana wa sukulu ya sekondale ya Magamba ku Tanzania, anaona kuti zosakaniza za ayisikilimu zomwe anaika mufiriji zili zotentha zinaundana msanga kuposa za anzake zomwe zinali zitazizira kale. Atafunsa aphunzitsi anamuuza kuti wasokonezeka, ndipo atapitiriza kufunsa kusukulu ina ku Iringa, anayamba kumuseka kuti imeneyo ndi fizikisi ya Mpemba osati fizikisi yeniyeni. Koma kusukuluko kunabwera mlendo, Denis Osborne, mphunzitsi wa fizikisi wa ku yunivesite ku Dar es Salaam, Mpemba nkufunsanso funso lomwelo pagulu anzake akuseka. Osborne sanaseke, anapita kukayesa ku labotale, ndipo mu 1969 awiriwa anasindikiza limodzi zomwe anapeza. Mpaka lero nkhaniyi imadziwika ndi dzina la Mpemba padziko lonse, ndipo akatswiri akutsutsanabe, ena akuti zimachitikadi nthawi zina, ena anayesa mosamala mu 2016 sanazipeze. Ndinaifunsa dala apuyi za nkhaniyi kuti ndione ngati ingokometsa, koma inanena zonse ziwiri, kuti mkangano sunathe. Apo inachita bwino. Koma kwa ine chachikulu nchoti olo zitapezeka kuti Mpemba sanalondole kwenikweni, funso lake linali loyenera kuyankhidwa mwaulemu, ndipo amene anamuseka aja ndi amene analakwa.

Ndipo si iye yekha. Wasayansi Andre Geim anayandamitsa chule wamoyo m'malere pogwiritsa ntchito maginito amphamvu kwambiri ku Nijmegen ku Netherlands, nkupatsidwa mphoto ya Ig Nobel mu 2000, ija imaperekedwa kuyambira 1991 kwa ofufuza zinthu zoseketsa koma zopatsa maganizo. Patadutsa zaka 10, mu 2010, munthu yemweyo analandira Nobel yeniyeni ya fizikisi limodzi ndi Konstantin Novoselov chifukwa cha graphene, yomwe anaipeza ku Manchester pomata selotepi pa graphite, chinthu chakuda chija chimakhala m'kati mwa pensulo, nkumamatula mobwerezabwereza mpaka kutsala kachigawo kopyapyala kwambiri. Wina akanawaona akusewera ndi selotepi bwenzi atati akuluakuluwa asowa chochita. Nde ndikapeza chida chomwe chimalandira funso looneka lopanda mutu mofanana ndi funso la pamayeso, ine ndimachiona kuti nchamtengo wapatali, makamaka kwa munthu yemwe alibe Osborne wake pafupi.

Kumbali ya mbiri yakale nakonso ndinasangalala, ngakhale uku nkomwe vuto lija linatulukira. Ndinayamba ndi funso loti kodi anthu ankadzuka bwanji nthawi yake mawotchi a alamu asanafale? Inandiuza za ntchito yomwe inalipo ku Britain ndi ku Ireland nthawi yomwe mafakitale ankachuluka, ya anthu olipidwa kuti aziyenda mbandakucha ndi ndodo yaitali kugogoda mawindo a ogwira ntchito, ena ankachita kuuzira tinjere touma kudzera mu kapaipi kuti tikamenye galasi la chipinda cham'mwamba, ndipo ntchitoyi inapitirira m'madera ena mpaka chapakati pa zaka za m'ma 1900. Ndinafunsa chifukwa chomwe ola lili ndi mphindi 60 osati 100, inanditengera ku Babulo komwe ankawerenga potsamira pa 60, nambala yomwe imagawika bwino ndi 2, 3, 4, 5, 6, 10, 12, 15, 20 ndi 30, nkuwonjezera kuti a ku France anayesapo mu 1793 kukhala ndi tsiku la maola 10, ola lililonse mphindi 100, koma anthu sanazilandire ndipo pofika 1795 lamulolo linaimitsidwa. Inandiuzanso chinthu chomwe mpaka pano chimandizunguza mutu, choti Cleopatra, mfumukazi ya ku Igupto yemwe anamwalira chaka cha 30 Khristu asanabadwe, anakhala pafupi ndi nthawi yomwe anthu anaponda pamwezi mu 1969 kuposa nthawi yomwe piramidi yaikulu ya ku Giza, ku Igupto komweko, inamangidwa, cha m'ma 2560 Khristu asanabadwe. Werengetsani nokha muona, kumbuyo zaka zoposa 2,500, kutsogolo zaka pafupifupi 2,000.

Kenako ndinafunsa mwamasewera kuti kodi linakhalapo tsiku la 30 Febuluwale? Ndinkaganiza kuti yankho ndi ayi, koma ayi ndithu linakhalapo, ku Sweden mu 1712. Nkhani yake ndi yokoma. Kalendala yakale ya Julius Caesar inkawerenga chaka ngati masiku 365 ndi kota, pomwe chaka chenicheni nchofupikirapo ndi mphindi pafupifupi 11, nde timphindi timeneti tinkaunjikana nkupanga tsiku lathunthu pa zaka pafupifupi 128 zilizonse. Pofika 1582 kalendala inali itasemphana ndi nyengo ndi masiku 10, Papa Gregory XIII nkulamula kuti likatha tsiku la 4 Okutobala, m'mawa mwake pakhale pa 15 Okutobala. Mayiko a Chikatolika anatsatira msanga, ena anakana kwa nthawi yaitali. A ku Sweden anaganiza zosintha pang'onopang'ono, kuti azingodumpha 29 Febuluwale kuyambira 1700 mpaka 1740, ndipo mu 1700 anadumphadi, koma kunabwera nkhondo, mu 1704 ndi 1708 sanadumphe, mapeto ake anapezeka ali ndi kalendala yawoyawo yosagwirizana ndi yakale komanso yosagwirizana ndi yatsopano. Kuti abwerere ku yakale anachita kuwonjezera tsiku, nde Febuluwale wa 1712 anakhala ndi masiku 30. Anadzasinthiratu mu 1753. Russia inachedwa mpaka 1918, nchifukwa chake kuukira boma kwa mu Okutobala 1917 ankakukumbukira pa 7 Novembala. Zonsezi ndinakazifufuza kwina ndipo zinali zoona.

Tsopano nyenyezi yochoka ija. Tili pa nkhani yomweyi inafika pa Britain, yomwe inasintha mu 1752, pomwe 2 Seputembala inatsatidwa ndi 14 Seputembala. Mpaka apo zoona. Koma inapitiriza kundiuza, mosakayika olo pang'ono, kuti anthu anachita zipolowe m'misewu kufuna kuti awabwezere masiku awo 11. Nkhani yosangalatsa eti, ndipo ndinatsala pang'ono kuyamba kuuza ena. Nditafufuza ndinapeza kuti akatswiri a mbiri yakale sapeza umboni wa zipolowe zimenezo, ndipo ambiri amati nkhaniyi inakula kuchokera pa chithunzi chojambula pamanja cha William Hogarth cha mu 1755, chonena za kampeni ya chisankho, momwe muli kachikwangwani ka mawu okhudza masiku 11 aja. Nde apuyi inandipatsa nthano ngati mbiri, ndipo chondipweteka nchoti mawu ake anali amodzimodzi ndi omwe inanenera za Sweden zomwe zinali zoona. Palibe pomwe inasonyeza kuti apa ndikukayika. Munthu wodziwa zinthu ukamufunsa zomwe sakutsimikiza umamumva mawu akusintha, amati kaya, amati ndikuganiza kuti, amakanda m'mutu. Iyi ayi, chowona ndi chabodza zimatuluka zitavala mofanana.

Chifukwa chake nchomveka ukadziwa mmene zinthuzi zimagwirira ntchito. Ma apu amenewa sakhala ndi kabuku ka mayankho otsimikizika komwe amakatsegula ayi. Anaphunzitsidwa pa zolembedwa zambirimbiri za pa intaneti ndi m'mabuku, ndipo akamayankha amakhala akulosera mawu oyenera kutsatira potengera zomwe anazolowera kuona. Nde ngati bodza linalake linalembedwa kambirimbiri ndi anthu ambiri, nalo limalowa momwemo. Nchifukwa chake ndaona kuti pa fizikisi ya tsiku ndi tsiku imalondola kawirikawiri, poti zinthu zake nzofotokozedwa mofanana paliponse ndipo masamu ake utha kuwayesa, koma pa mbiri yakale, makamaka tinkhani tokoma tija anthu amakonda kubwereza, mpomwe imaterereka. Ndipo tinkhani timeneto ndi tomwe munthu wofunsa mafunso achidwi amakumana nato kwambiri, nde vutoli limagwera ife tomwe.

China chomwe chinandikhumudwitsa, mwina kuposa choyambacho, ndi kugonja msanga. Ndinaiyesa dala. Ndinafunsa ngati khoma lalikulu la ku China limaoneka ukakhala pamwezi, inayankha molondola kuti ayi, khomalo ndi lalitali koma lopapatiza, mamita ochepa chabe m'lifupi, ndipo olo Yang Liwei, munthu woyamba kutumizidwa m'mlengalenga ndi China mu 2003, ananena kuti sanalione, chonsecho iye anali pafupi kwambiri ndi dziko kuyerekeza ndi mwezi. Yankho labwino. Kenako ndinalemba mokalipa kuti mwalakwitsa, ine ndinawerenga kuti limaoneka. M'malo moima nji inayamba kupepesa, nkumati mwina muli ndi mfundo, nkumafewetsa zomwe inanena poyamba zija. Izi si zabwino. Kulemekeza funso la munthu sikutanthauza kumuvomera akalakwitsa. Osborne uja sanamuuze Mpemba kuti wakhoza pofuna kumusangalatsa, anapita kukayesa. Ine ndikufuna chida chondiuza kuti ayi, mwalakwa, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Si nthawi zonse imagonja chonchi, pena imakana ndithu mwaulemu, koma kungoti imatha kugonja ndiye kuti munthu wokakamira atha kuchokapo atalimbikitsidwa pa bodza lake.

Tina ndi ting'onoting'ono. Imakonda kuyamba ndi kukuyamikira kuti funso lanu ndi labwino kwambiri, koyamba zimakoma koma ikamatero pa funso lililonse zimayamba kumveka zopanda pake, bola ingoyankha. Pena imatalikitsa, wafunsa kanthu ka mzere umodzi iyo yakupatsa mitu isanu ndi timadontho, koma ukaiuza kuti mwachidule imamvera. Ukaipempha kuti ikuuze komwe yazitenga, nthawi zina imapereka malinki enieni, nthawi zina imatchula zolembedwa zomwe ukazisaka sukuzipeza, nde musamangoona kuti yatchula gwero nkukhutira, tsegulani muone. Popanda intaneti sigwira ntchito. Mbali yolankhula ndi mawu ilipo ndipo imathandiza ukakhala kuti manja atanganidwa, koma pa mafunso okhala ndi manambala bola kulemba kuti uthe kubwerera nkuwerenganso.

Njira yomwe ndapeza kuti imathandiza ndi iyi. Ikandipatsa nkhani yokoma kwambiri, ndimaifunsanso kuti kodi akatswiri amagwirizana pa zimenezi kapena pali otsutsa? Kawirikawiri ikafunsidwa choncho imatulutsa yokha mbali inayo, ndipo pa nkhani ya masiku 11 ija nditaifunsa motero inavomera kuti umboni wake ndi wofooka. Nde zinalimo m'mutu mwake, kungoti sinazinene mpaka itafunsidwa. Zaka, mayina ndi manambala ndimakaziona kwina ndisanauze munthu. Za masamu ndimayesa ndekha. Ndipo za thanzi, mankhwala kapena kugwira mawaya amagetsi, chonde musadalire apu, kudziwa chifukwa chomwe mbalame sigwidwa shoko si chilolezo choti mukayese.

Kwa makolo ndi aphunzitsi, ine ndingati igwiritseni ntchito limodzi ndi ana, osati kungowapatsira foni. Mwana akafunsa chifukwa chomwe kumwamba kuli kwa buluu ndipo inu simukudziwa, m'malo momuuza kuti asiye kusokosa, khalani naye mufunse limodzi. Muphunzira kuti kuwala kwa dzuwa kuli ndi mitundu yonse, ndipo tizigawo ta mpweya timamwaza kuwala kwa buluu kuposa kofiira kangapo konse, zomwe Lord Rayleigh anazifotokoza mu 1871, nde buluuyo amafika m'maso mwathu kuchokera mbali zonse za thambo, pomwe madzulo dzuwa likatsika kuwala kumadutsa mumpweya wambiri, buluu nkumwazikira kutali kutsala kofiira. Mukatero mufunseni mwanayo kuti nanga pamwezi pomwe palibe mpweya kumwamba kumaoneka bwanji, muone ngati apeze yekha kuti nkwakuda olo masana. Mwana akamaona wamkulu akunena kuti sindikudziwa tiye tifufuze, kenako akuonanso wamkuluyo akutsimikiza yankho kwina, waphunzira zinthu ziwiri zomwe apu payokha singamuphunzitse.

Za yolipira, ilipo, imakupatsa mafunso ambiri patsiku ndi mayankho oganiziridwa mozama pa masamu ovuta. Pa mafunso ngati angawa yaulere ikukwana bwinobwino, pokhapokha ngati ndinu munthu wofunsa tsiku lonse mpaka kumafika pamalire. Akadzakonza zoti izisonyeza poyera pomwe ikukayika, nkusiyanso kugonjera aliyense wokweza mawu, ndidzabwera kudzawonjezera nyenyezi yachisanuyo.